Kudikira Kuwala pa Gombe la Nyanja

Chithunzi cha malo, ndiko kuti chithunzi chimene mwini nkhani wake si munthu koma dziko lenilenilo, kaya ndi phiri, chigwa kapena nyanja, chimasiyana ndi zithunzi zina zonse pa mfundo imodzi, yakuti wojambula alibe ulamuliro pa kuwala kumene akugwiritsa ntchito. Wojambula maukwati kapena zithunzi za pa ziphaso angathe kuyatsa nyali, kusuntha munthu kapena kumulowetsa pamthunzi, koma amene akufuna kujambula gombe la Senga Bay kapena matanthwe a ku Cape Maclear sangakankhe dzuwa, sangachotse mtambo, ndipo mphepo sangaiuze kuti ileke. Chimene chimamutsalira ndi kusankha poima ndi nthawi yoimirapo, n'chifukwa chake gawo lalikulu la ntchitoyi limathera pa kudikira. Anthu oonera patali kudikiraku amakuyesa ulesi kapena kudalira mwayi, pamene kwenikweni ndi kuwerengera, pakuti kayendedwe ka dzuwa ndi mwezi, nyengo za mphepo ndi kumene gombe lililonse linaloza ndi zinthu zodziwika kale, zimene munthu angathe kuziphunzira asananyamuke kunyumba.

Poyamba m'pofunika kumvetsa chifukwa chimene dzuwa la masana, limene maso amaliona ngati loonetsa zinthu bwino koposa, limakhumudwitsira kamera. Dziko la Malawi lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kum'mwera kwa ikweta, mzere wongoganizira umene umagawa dziko lapansi pakati, ndipo chifukwa cha malo amenewa dzuwa limakwera kwambiri, mwakuti kumadera a Salima ndi Mangochi limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, cha kumapeto kwa Okutobala ndi cha pakati pa Febuluwale. Kuwala kochokera pamwamba chotere kumafupikitsa mithunzi, ndipo mthunzi ukafupika zinthu zimataya maonekedwe ake, moti mchenga wokhala ndi timizere tambirimbiri umatuluka pachithunzi uli mbee, thanthwe lozungulira limaoneka lafulati, pamene kunsi kwa mtengo kumada bii. Komabe si bwino kulinyoza kotheratu dzuwa loswa mtengo, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene kuwala kumalowa m'madzi mpaka pansi, ndipo amene akufuna kuonetsa miyala ya pansi ndi nsomba za mbuna m'madzi oyera a ku Otter Point ku Cape Maclear amayenera kujambula masana. Pamenepo amathandizidwa ndi kagalasi kovekedwa kutsogolo kwa lenzi kotchedwa polarizer, kamene kamachotsa kunyezimira kwa pamwamba pa madzi kakazunguliridwa pang'onopang'ono kufikira pansi pataonekera.

Kufiira kwa dzuwa la m'mawa ndi la madzulo kunafotokozedwa ndi wasayansi wa ku England, Lord Rayleigh, m'chaka cha 1871. Kuwala kwa dzuwa kumene kumaoneka koyera ndi kosakanikirana mitundu yambiri, ndipo kukamadutsa mumpweya umene wakuta dziko lapansi, mpweyawo umamwaza mtundu wa buluu kuposa wofiira pafupifupi kasanu. Buluu womwazikayo ndi amene amadzaza thambo masana. Dzuwa likatsikira m'chizimezime, pamene madzi ndi thambo zimaoneka ngati zakumana, kuwala kwake kumadutsa mumpweya wochuluka pafupifupi maulendo 38 kuposa pamene lili paliwombo, ndipo pofika pagombe buluu wambiri amakhala atatsalira m'njira, n'kutsala chikasu ndi kufiira. Kuwala kotereku kumakhalanso kofooka, zimene zimachepetsa kusiyana pakati pa malo owala ndi malo amdima, kotero kuti kamera imatha kusunga zonse ziwiri pachithunzi chimodzi.

Ngakhale anthu ambiri amatengeka ndi mtundu, ojambula odziwa amaikira mtima kwambiri pa kumene kuwalako kukuchokera. Dzuwa likakhala pansi limawomba zinthu cham'mbali, ndipo kanthu kalikonse kotukuka, ngakhale kochepa bwanji, kamakhala ndi mthunzi wake. Bwato logona pamchenga, limene masana limangooneka ngati chipika chakuda, m'mawa limaonetsa malo onse amene kasemasema anadutsa, zigamba za malata zimene mwini wake anakhomera pa ming'alu, ndi misomali yadzimbiri yozungulira zigambazo. Mchenga umene mafunde a usiku anausalaza umaonetsa mapazi a mbalame ndi mzere wa pamene bwato linakokedwa, ndipo mathandala oyanikapo usipa amaponya mithunzi yaitali imene imatsogolera diso kulowa mkati mwa chithunzi. Zonsezi zimazimirira dzuwa likangokwera pang'ono.

Madzi nawo ali ndi khalidwe lawo limene limachititsa kuti gombe likhale malo apadera. Kuwala kukagwa pamadzi abata kuchokera pamwamba penipeni, madziwo amabweza magawo awiri okha pa magawo 100 alionse, ndipo kotsalako kumalowa pansi, koma kukafika mopendekeka kwambiri, monga pamene dzuwa lili madigiri 5 okha pamwamba pa chizimezime, madzi amabweza kupitirira theka. Ichi ndi chifukwa chake nyanja imatenga mtundu wa thambo m'mawa ndi madzulo, ndiponso chifukwa chake wojambula amene wagwada n'kutsitsa kamera pafupi ndi mchenga wonyowa amapeza thambo lonse likuonekera mumchengamo, pamene mnzake amene waimirira chilili amangoona mchenga wotuwa.

Nthawi ya kuwala kofewaku ojambula amaitcha ola la golide, ndipo mabuku ambiri ophunzitsa kujambula, amene analembedwa ku Ulaya ndi ku America, amaikamba ngati nthawi yotakasuka imene munthu angathe kuyesa malo awiri kapena atatu. Malangizo amenewa sayenera kumezedwa osatafuna. Kumayiko akutali ndi ikweta dzuwa limatsika chopendekeka, likukwawa m'mbali mwa chizimezime, moti kumagombe a ku Scotland m'mwezi wa Juni kuwala kofiira kumakhalitsa pafupifupi ola lathunthu, ndipo chisisira chimatenganso ola lina. Kufupi ndi ikweta dzuwa limatsika choongoka, pa liwiro la pafupifupi madigiri 15 pa ola, kotero kuti pa Nyanja ya Malawi nthawi yochokera pamene lili madigiri 6 pamwamba kufikira pamene lalowa siikwana bwino mphindi 30. Dzuwa lenilenilo, kuyambira pamene m'mphepete mwake mwakhudza madzi kufikira pamene lamira lonse, limatenga mphindi ziwiri ndi pang'ono. Mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha ndi woona pa theka lokha la ntchitoyi, chifukwa munthu wodekha amene sanakonzeke amadikira maola atatu n'kutaya mphindi zisanu zimene amadikirazo akusinthasintha lenzi. Ojambula ozolowera amayendera malo dzulo lake masana, n'kusankhiratu thanthwe kapena mtengo umene udzakhale patsogolo pa chithunzi, ndipo pa tsikulo amafika kukali mdima, poganizira kuti m'Novembala dzuwa limatuluka itangopitirira 5 koloko, pamene mu Julayi limatuluka cha m'ma 6 koloko.

Chisisira chili ndi magawo atatu amene akatswiri a zakuthambo amawayeza potengera kuzama kwa dzuwa kunsi kwa chizimezime, pa madigiri 6, 12 ndi 18. Gawo loyamba, limene munthu amatha kuyenda ndi kuwerenga popanda nyali, ku Malawi limatenga mphindi zongopitirira pang'ono 20, ndipo nthawi zambiri ndi m'gawo limeneli mmene thambo limakongola koposa, chifukwa dzuwa limene lalowa kale kwa munthu wa pagombe limakhala likuwalirabe mitambo ya pamwamba kuchokera kunsi. Alendo ambiri amajambula dzuwa likumira n'kubwerera kumalo ogona, ndipo mitambo imayaka iwo atatembenuka kale. Kufiirako kukatha kumabwera nthawi ya buluu wozama, imene ndi yokhayo yoyenera kujambulira nyali za asodzi a usipa. Asodziwa amalowa pamadzi ndi khoka la chilimira, ndipo mmodzi wa iwo, amene amamutcha siginala, amakhala m'bwato la nyali zokopera nsomba. Kukada kotheratu nyalizo zimatuluka pachithunzi ngati timadontho toyera pa mdima wopanda kanthu, koma m'mphindi zochepa zimene thambo likadali ndi kuwala kofanana mphamvu ndi kwa nyalizo, mapiri, madzi ndi mabwato zimaonekera pamodzi. Popeza usodzi wa nyali umayenda bwino pa usiku wopanda mwezi, wojambula amene akufuna chithunzi chimenechi amayenera kuyang'ana kalendala ya mwezi asanasungitse malo ogona.

Kumene gombe linaloza ndi kumene kumalamula ngati munthu adzuke m'bandakucha kapena adikire madzulo. Nyanja ya Malawi inagona kuchokera kumpoto kupita kum'mwera pa mtunda wopitirira makilomita 550, ndipo magombe ambiri a mbali ya Malawi, monga Senga Bay, Nkhotakota, Chintheche ndi Nkhata Bay, anayang'ana kum'mawa, kotero kuti kumeneko dzuwa limatulukira pamadzi n'kukalowera kuseri kwa mapiri a kumtunda, nthawi zina lisanafiire n'komwe. Mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, umene wazunguliridwa ndi malo otetezedwa a Lake Malawi National Park amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawavomereza kukhala chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984, ndi umodzi wa malo ochepa a mbali ino kumene dzuwa limalowera cha kumadzi, pafupi ndi chilumba cha Thumbi, ndipo n'chifukwa chake zithunzi zambiri za dzuwa likulowa pa nyanjayi zimafanana. Pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu munthu angathe kupeza zonse ziwiri pongoyenda wapansi kuchoka mbali ina kupita ina. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti potulukira dzuwa pamasuntha, pakuti mu Juni limatulukira pafupifupi madigiri 24 kumpoto kwa kum'mawa kwenikweni, ndipo mu Disembala limatulukira madigiri ngati omwewo kum'mwera. Munthu amene anaona dzuwa likutulukira kuseri kwa kachilumba ka Namalenje ku Senga Bay pa nthawi ya Khirisimasi, akadzaima pamalo omwewo mu Juni adzalipeza kwina kutali. Magombe oyang'ana kum'mawa ali ndi mwayi winanso, wakuti mwezi wathunthu umatuluka kum'mawa pa nthawi imene dzuwa likulowa, choncho kamodzi pa mwezi umatulukira pamadzi thambo likadali ndi kuwala.

Nyengo ya chaka imasintha kuwala kuposa mmene chipangizo chilichonse chogula chingakusinthire. Mvula ikangotha, mu Epulo ndi Meyi, mpweya umakhala utatsukika, ndipo mapiri a tsidya la nyanja, a ku Mozambique kapena a Livingstone ku Tanzania amene amaonekera kuchokera ku Karonga ndi Chilumba, amatuluka ndi zigwa zake zonse. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Sepitembala kumawomba mwera, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imene imautsa mafunde aakulu mpaka nthambi yoona za nyengo kuchenjeza asodzi kuti asalowe pamadzi, ndipo iyi ndi nyengo ya zithunzi za mafunde akuswekera pa matanthwe. M'Sepitembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimadzaza mlengalenga, mapiri a tsidya amasowa, ndipo dzuwa limasanduka mpira wofiira umene umazimirira mu utsiwo usanafike pamadzi. Kuwala kumeneku ndi kofooka ndipo sikupatsa mithunzi yakuthwa, koma kumalola kujambula dzuwa lenilenilo popanda kuthobwa. Dzinja limabweretsa mitambo ikuluikulu ya mvula ndi ziphaliwali za patali, komanso ndi nyengo imene kumpoto kwa nyanja kumaoneka kawirikawiri tizilombo touluka ta nkhungu, timene timatuluka m'madzi tambirimbiri n'kuima pamwamba pa nyanja ngati mizati ya utsi. Kuwala kokoma koposa m'dzinja kumabwera mvula ikangodutsa, pamene dzuwa lapeza mpata kunsi kwa mtambo wakuda n'kuwalira gombe kumbuyo kukadali bii, ndipo amene anathawira m'nyumba mvula itayamba sakupeza.

Pa gombe la nyanja yamchere pamawonjezereka chinthu china chimene Nyanja ya Malawi ilibe, ndicho kukwera ndi kutsika kwa madzi kumene kumachitika chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa. Madzi amadzaza kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50, kutanthauza kuti tsiku lililonse amachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50, ndipo kusiyana kwake kumakula mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima. Ku Beira, m'dziko la Mozambique, kusiyana kumeneku nthawi zina kumapitirira mamita 6, moti malo amene m'mawa anali mchenga wotambalala masana amakhala pansi pa madzi. Wojambula wa kumeneko amadikira tsiku limene kutsika kwa madzi kwakumana ndi kutuluka kwa dzuwa, ndipo ayenera kudziwa njira yobwererera madzi asanamutsekere pathanthwe. Pa Nyanja ya Malawi kusintha kwa madzi n'kwa pa chaka, kwa pafupifupi mita imodzi, ndipo amadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, ngakhale kuti zaka zina amapyola muyeso, monga mu 2024 pamene anamiza magombe ambiri a ku Mangochi ndi madera ena.

Vuto lalikulu la chithunzi cha nyanja, lakuti thambo limawala kwambiri kuposa madzi ndi mtunda, ndi lakale ngati kamera yomwe. Gustave Le Gray, wojambula wa ku France amene anabadwa mu 1820 n'kumwalira ku Cairo mu 1884, anakumana nalo pamene ankajambula magombe a ku Normandy ndi a ku Sète pakati pa 1856 ndi 1858. Pa nthawiyo zithunzi zinkatengedwa pa magalasi opakidwa mankhwala amene ankamva kwambiri kuwala kwa buluu, kotero kuti nyanja ikatuluka bwino thambo linkangoyera lopanda mtambo. Le Gray anayamba kujambula magalasi awiri, lina loyezera madzi ndi lina loyezera thambo, n'kuwalumikiza pa mzere wa chizimezime potsuka chithunzi papepala, ndipo ofufuza anadzapeza kuti thambo limodzi lomwelo analigwiritsa ntchito pa zithunzi zingapo za malo osiyana. Chithunzi chake chotchuka cha La Grande Vague cha mu 1857 chinagulidwa pa mtengo wa mapaundi 507,500 pa malonda a Sotheby's ku London mu 1999. Foni yamakono imachita zomwezo mwiniwake osadziwa, pakuti ikakhala pa HDR imatenga zithunzi zingapo zowala mosiyana m'kuphethira kwa diso n'kuziphatikiza. Ojambula a makamera akuluakulu ena amachita zimenezi pa kompyuta, pamene ena amaveka kutsogolo kwa lenzi galasi loderapo kumtunda kokha, limene limachepetsa kuwala kwa thambo osakhudza mtunda.

Chosankha chinanso chimene chili m'manja mwa wojambula ndi kutalika kwa nthawi imene shata, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, imakhala yotsegula. Ikatseguka kwa gawo limodzi la magawo 500 a sekondi, funde limaima chilili ndipo dontho lililonse limaoneka palokha. Ikakhala theka la sekondi, madzi obwerera pakati pa miyala amajambula mizere yoyera yoonetsa kumene akulowera, ndipo ikakhala masekondi 30 mafunde onse amafafanizika, nyanja n'kukhala yosalala. Nthawi zazitalizi zimafuna kuti kamera isagwedezeke, n'chifukwa chake imaikidwa pa choimikira cha miyendo itatu chotchedwa tripod, chimene miyendo yake iyenera kukanikizidwa mumchenga mpaka italimba, apo ayi funde likadutsa mchenga umakokoloka kunsi ndipo chithunzi chimawonongeka. Kukawala kwambiri amagwiritsa ntchito galasi lakuda lotchedwa ND, ndipo lina lamphamvu mwa amenewa limachepetsa kuwala pafupifupi maulendo 1,000, kusandutsa gawo limodzi la magawo 30 a sekondi kukhala masekondi opitirira 30. Hiroshi Sugimoto wa ku Japan, amene anayamba kujambula nyanja za dziko lapansi mu 1980, anafika nayo patali njira imeneyi, pakuti zithunzi zake zilibe mtundu, zilibe bwato kapena thanthwe, koma madzi kunsi, thambo kumtunda ndi mzere pakati penipeni, ndipo zina anazijambula pa masiku a chifunga ndi mitambo. Ntchito yake ndi umboni wakuti kuwala kwabwino si kofiira kokha. Chizolowezi chothamangira dzuwa lofiira, kenaka n'kuwonjezera mtundu pa foni mpaka thambo kuoneka ngati lapakidwa penti, chadzaza Facebook ndi zithunzi zimene munthu sangasiyanitse cha ku Salima ndi cha ku Zanzibar, pamene m'mawa wotuwa wa mwera, mabwato onse atakokeredwa kumtunda, umanena zambiri za nyanjayi ndipo saujambula kawirikawiri.

Pomaliza pali nkhani yakuti gombe la Nyanja ya Malawi ndi malo a ntchito, ndipo maola amene wojambula amawafuna ndi omwewo amene eni mudzi amawagwiritsa ntchito koposa. M'bandakucha asodzi amakhala akukocheza, ogula nsomba akutsatsana mitengo, amayi akuchapa ndi kutsuka mbale, ndipo anthu ena amakhala akusamba pa madoko amene mudzi unagawa, la amuna palokha ndi la akazi palokha. Kuloza kamera kumalo otere popanda kupempha ndi chipongwe, kaya kuwala kwakoma chotani, ndipo nthawi yabwino yopempha ndi dzulo lake, pamene munthu akuyendera malo, chifukwa pa mphindi zochepa za kuwala sipakhala mpata wolonjerana mwaulemu. Kucheza kumeneku kuli ndi phindu linanso, pakuti msodzi amene moyo wake umadalira kuwerenga mitambo ndi mphepo amadziwa ngati m'mawa mwake kudzache bata kapena mwera, komanso amadziwa malo amene ng'ona ndi mvuu zimakonda, makamaka m'mabango ndi pa mathiriro a mitsinje, kumene munthu sayenera kuima yekha mumdima maso ali pa kamera. Madzi osayenda a m'mabango ndi kumenenso kumapezeka nkhono zofalitsa likodzo, ngakhale kuti zimapezekanso pa magombe ena otseguka a mchenga, choncho wojambula amene akufuna kutsitsa kamera pafupi ndi madzi ayenera kusamala.